Mapepala akale ndi ma PDF: ndichite bwanji kuti nditha kukonza mawu ake?

Funso: Ndine mayi, mlembi wa bungwe la alimi a mbatata ku Dedza. Malamulo a bungwe lathu anataipidwa pa taipilaita kalekale, masamba 46, ndipo chomwe tatsala nacho ndi fotokope yochokera pa fotokope inzake. Pamsonkhano waukulu wapitawu tinagwirizana kusintha ndime zingapo. Ndilinso ndi ma PDF amene anthu amanditumizira pa WhatsApp, ena a Chingerezi, ena a Chichewa, ena okhala ndi matebulo a mitengo. Ndinayesa tsamba lina la pa intaneti losinthira mafayilo. Fayilo ina inatuluka bwinobwino, ina inatuluka ngati chithunzi choti sungachikonze, ya malamuloyo inatuluka zilembo zosamveka. Ndili ndi laputopu yakale ndi foni ya Android, ndipo bandulo imandivuta. Ndigule pulogalamu iti?

Yankho: Amayi, ndalama zanu zisungeni kaye. Mafayilo atatu amene mwafotokozawa ali ndi matenda atatu osiyana, ndipo palibe pulogalamu imodzi, ngakhale yodula chotani, imene ingawachize onse mofanana. Ntchito yambiri mwa imeneyi muigwira ndi zinthu zimene muli nazo kale kapena zaulere. Chofunika ndi kudziwa kuti m'kati mwa fayilo iliyonse muli chiyani.

Kampani ya Adobe inatulutsa PDF mu 1993, ndipo cholinga chake chinali chakuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse komanso likasindikizidwa pa pulinta iliyonse. Za kukonza mawu sanaziike patsogolo. Fayilo ya Word imadziwa kuti apa pali mutu, apa ndime, apa tebulo la mizere isanu. PDF nthawi zambiri sidziwa zimenezo. Chimene imasunga ndi malangizo akuti chilembo ichi chikhale apa, chinzakecho pambali pake, kamzere aka kachokere apa kukafika apo. Ndiye pulogalamu iliyonse yosintha PDF kukhala Word imachita kulota. Ikaona zilembo zathithikana imati limeneli ndi liwu limodzi, ikaona mpata waukulu imati ndime yatha. Pa kalata wamba imalota bwino. Pa tsamba la madanga awiri, la zithunzi ndi matebulo, imasokonezeka, ndipo m'pamene mumapeza mawu atamwazikana m'timabokosi tosasunthika.

Koma si PDF iliyonse imene ili ndi zilembo m'kati. Ina inachokera pa kompyuta, munthu anataipa mu Word n'kuisunga ngati PDF. Imeneyi zilembo zilimo ndithu, zikungofunika kuzitulutsa. Ina inachokera pa sikana kapena pa kamera ya foni, ndipo m'kati mwake muli chithunzi cha pepala basi. Maso anu akuona mawu, kompyuta ikuona timadontho takuda pa zoyera. Fayilo yanu yachiwiri ija, yotuluka ngati chithunzi, ndi ya mtundu umenewu. Tsambalo linangotenga chithunzicho n'kuchimata m'fayilo ya Word.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Tsegulani PDF pa laputopu, yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi. Likasankhika lokha, zilembo zilimo. Tsamba lonse likasankhika pamodzi, kapena osasankhika chilichonse, ndi chithunzi. Mukhozanso kudina Ctrl ndi F n'kusaka liwu limene mukuliona ndi maso patsambapo. Pali mtundu wina wopusitsa: mawu amasankhika, koma mukawakopera n'kukawamata kwina amatuluka timabokosi kapena zizindikiro zachilendo. Zikatero ndiye kuti amene anapanga fayiloyo anasunga maonekedwe a zilembo popanda kusunga bwino mayina ake. Musalimbane nayo, ingoitengani ngati chithunzi.

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, imbirani kaye amene anakutumizirani. PDF yochokera pa kompyuta ili ndi kholo lake penapake, fayilo ya Word kapena ya Excel imene ikadali pa laputopu ya munthu. Ndaona anthu akutha tsiku lonse kukonza tebulo lophwasuka pamene mwini wake akanalitumiza lathunthu atangopemphedwa. Ambiri amatumiza PDF chifukwa anazolowera, osati chifukwa akukaniza inayo.

Akakanika kuipeza, ndipo PDF yo ili ndi zilembo, Word yomweyo ikwanira. Kuyambira pa Word 2013, mukhoza kupita pa File, kenako Open, n'kusankha PDF ngati mmene mungasankhire fayilo ina iliyonse. Imakuchenjezani kuti maonekedwe akhoza kusintha, mumavomera, n'kudikira pang'ono. Sizifuna intaneti. Ngati mulibe Word, LibreOffice ndi yaulere, koma iyo imatsegula PDF mu gawo lake lotchedwa Draw, ndipo mzere uliwonse umakhala m'kabokosi kakekake. Ndi yabwino posintha deti kapena liwu limodzi, koma polembanso ndime yonse imatopetsa.

Ine pa zikalata zazitali ndimakonda njira yooneka yachikale: kutenga mawu okha, maonekedwe n'kuwasiya. Sankhani zonse mu PDF, koperani, ndipo pomata mu Word sankhani Keep Text Only. Vuto limodzi mudzalipeza, loti mzere uliwonse umathera pomwe unathera pa pepala, ngati ndakatulo. Musachite kufufuta umodziumodzi. Dutsani m'chikalatamo mukuika chizindikiro ngati ## pamene ndime yathadi. Kenako dinani Ctrl ndi H. M'bokosi lapamwamba lembani ^p, lapansi muikemo mpata umodzi, n'kudina Replace All. Zonse zikhala chindime chimodzi chachikulu, musaope. Bwerezani, pamwamba ## pansi ^p, ndipo ndime zanu zibwerera pamalo pake zili zoyera. Mitu ndi manambala mudzaziikenso nokha, ndipo zidzakumverani kuposa zimene pulogalamu ikanalota.

Matebulo a mitengo musawadutsitse mu Word. Excel ya Microsoft 365 ili ndi njira yotengera tebulo kuchokera mu PDF, pansi pa Data, Get Data, From File. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Tabula, imene mumangojambula bokosi mozungulira tebulo n'kulitulutsa loti mutsegule mu Excel. Tabula imagwira pa PDF ya zilembo yokha, ya chithunzi ayi. Mulimonse mmene mwalitulutsira, phatikizani manambala a danga limodzi muone ngati akufanana ndi chiwonkhetso chimene chili pansi pa tebulo loyambalo. Nambala imodzi ikalumphira m'danga lina, pamenepo m'pamene mudzaigwire.

Tsopano malamulo anu aja, amene ndiye ntchito yeniyeni.

Kuti chithunzi cha pepala chisanduke mawu pamafunika chimene akatswiri amachitcha OCR. Pulogalamuyo imayamba yawongola tsamba, n'kusiyanitsa chakuda ndi choyera, n'kupeza mizere, kenako n'kuyerekeza maonekedwe a timadontho ndi zilembo zimene inaphunzitsidwa. Pamene yakayika, imadalira zimene ikudziwa za chinenero: ndi zilembo ziti zimakonda kutsatana, ndi mawu ati alipodi. Pa zonsezi pali zinthu ziwiri zimene zikukugwetsani inuyo, pepala lofooka ndi chinenero chimene mapulogalamu ambiri sachidziwa.

Pepala ndiye loyamba, ndipo apa m'pamene muyenera kutayapo nthawi yambiri. Fotokope ya fotokope ili ngati masamba a tiyi ophikidwa kachitatu, mtundu ulipo koma mphamvu inatha. Timizere tating'ono ta zilembo timaduka, mabowo a e ndi a ndi o amatsekeka ndi inki, m'mphepete mumadetsedwa kapena kudulidwa. Pulogalamu siingabweze chimene chinatayika pa makina a fotokope. Choncho funsani kaye akuluakulu amene anayambitsa bungwe, kapena ku ofesi kumene munalembetsa, ngati kuli kope yoyamba kapena yoyandikira kwa yoyambayo. Mukaipeza, theka la mavuto anu latha musanayatse laputopu.

Pojambula, sikana yeniyeni imaposa foni. Malo ambiri ochitira fotokope pa boma ali nayo. Auzeni aike pa 300 dpi (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi), ndipo asankhe Grayscale osati Black and White, chifukwa pa pepala lofooka Black and White imafufutiratu zilembo zotuwa. Kukweza kufika pa 600 dpi kumangolemetsa fayilo, kumathandiza pokhapokha zilembo zikakhala zing'onozing'ono kwambiri. Chotsani masitepulo kuti tsamba ligone bwino. Ngati pepala ndi lopyapyala moti mawu a kuseri akuonekera, ikani pepala lakuda kumbuyo kwake, mawu a kuseriwo amazimirira.

Mukajambula ndi foni, khalani pakhonde pamene pali kuwala kwa usana koma dzuwa silikuomba papepala. Fulashi ya kamera izimitseni. Pepala ligone pa tebulo, foni ikhale pamwamba pake ndendende osati chopendekera, ndipo samalani mthunzi wa dzanja lanu. Pukutani galasi la kamera, ambiri amaiwala. Musagwiritse kamera wamba. Mu pulogalamu ya Google Drive pa Android muli batani lojambulira mapepala limene limadula m'mphepete ndi kuwongola tsamba lokha, ndipo Adobe Scan imachitanso zomwezo. Posamutsa kupita pa laputopu gwiritsani chingwe. Mukatumiza pa WhatsApp ngati chithunzi, imachifinya kuti chipepuke, ndipo zilembo zimafwifwa. Mukakakamizika kudzera pa WhatsApp, tumizani ngati Document.

Njira yaulere imene ndingakuuzeni kuti muyambe nayo ndi ya Google. Ikani PDF kapena chithunzi mu Google Drive pa laputopu, dinani kumanja pa fayiloyo, sankhani Open with, kenako Google Docs. Ipanga chikalata chatsopano chokhala ndi mawu oti mukonze. Google yokha imalangiza kuti fayilo isapitirire 2 MB, tsamba likhale loimirira bwino, ndipo imanenanso poyera kuti matebulo, madanga ndi mawu a m'munsi mwa tsamba kawirikawiri sizituluka bwino. Ndiye masamba 46 musawaponye onse pamodzi, agaweni asanuasanu. Zikuthandizaninso netiweki ikaduka pakati, simuyambiranso zonse. Pa tsamba limodzi kapena awiri, Google Lens pa foni yomweyo ikwanira: lozetsani kamera, sankhani mawu, koperani.

Ngati bandulo ikuvutadi, kapena chikalatacho sichoyenera kutuluka m'nyumba, pali njira yosafuna intaneti. Injini yake imatchedwa Tesseract. Inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980, inatsegulidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere mu 2005, ndipo kuyambira 2006 Google inaithandiza kwa zaka zambiri. Mtundu wake wachinayi, wa 2018, unasintha kawerengedwe: m'malo mozindikira chilembo chimodzichimodzi umawerenga mzere wonse, ndipo unayamba kuchita bwino kwambiri. Yokha imafuna kuilembera malangizo a kompyuta pa kiyibodi, zimene sindikukufunirani. Tengani pulogalamu imene inaiveka mabatani. NAPS2 ndi yosavuta: imalandira zithunzi kapena PDF, imawongola masamba, n'kutulutsa PDF yokhala ndi mawu obisika kuseri kwa chithunzi, amene mukhoza kusaka ndi kukopera. gImageReader imakuonetsani chithunzi mbali ina, mawu mbali ina, zimene zimathandiza pokonza. Zonsezi mumatsitsa kamodzi, pamalo pamene pali Wi-Fi, ndipo zimayenda ngakhale pa laputopu yokalamba, kungoti pang'onopang'ono.

Tesseract ili ndi zinenero zoposa 100, koma pa mndandanda wake Chichewa palibe. Apa ndi pamene zilembo zanu zosamveka zija zinachokera, ndikuganiza. Pulogalamu ikauzidwa kuti tsambali ndi la Chingerezi, pamene yakayika imakokera ku Chingerezi. Ikakumana ndi ndz, mph, nkh kapena psy pa pepala lotuwa, imaona ngati yalakwitsa n'kuika zina zimene kwa iyo zikuoneka zanzeru. Chochita ndi kuyesa tsamba limodzi katatu. Koyamba sankhani Chingerezi. Kachiwiri Chiswahili, chimene chilipo ndipo kamangidwe ka mawu ake kamayandikira kwathu kuno. Kachitatu, ngati pulogalamu yanu ikulola, sankhani Latin ya mtundu wa zilembo (script), osati ya chinenero cha Chilatini, imene imayang'ana zilembo za mtundu wathuwu popanda kukondera chinenero chimodzi. Yerekezani zitatuzo, mutenge imene yalakwitsa pang'ono. Zimasiyana malinga ndi pepala, choncho musangokhulupirira zimene munthu wina anapeza pa chikalata chake.

Zolakwika za m'Chichewa zili ndi malo ake amene zimakonda. Oyamba ndi nkhodolero. Kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa n'kakang'ono, pa fotokope kamafanana ndi kadontho ka fumbi. Mudzapeza ng ombe, ng"ombe, m,mudzi, kapena katasoweratu. Mwayi wake ndi woti zimabwerezabwereza, ndiye Ctrl ndi H ija ikuthandizani. Koma dinani Find Next ndi Replace mukuona liwu lililonse, osati Replace All, chifukwa mukalamula kuti ng aliyense wotsatidwa ndi mpata apatsidwe nkhodolero mudzaononga mawu a Chingerezi othera ndi ng amene ali m'chikalata chomwecho.

Achiwiri ndi ŵ, w wa kadenga uja wopezeka m'zolemba zakale monga mu Malaŵi. Pa taipilaita ena ankachita kuikapo kadengako ndi cholembera. Mapulogalamu amamusandutsa w wamba, W wamkulu, kapena chizindikiro china chosadziwika. Ngati bungwe lanu silikumufuna m'kope yatsopano, palibe chodandaula. Ngati mukumufuna, mu Word lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, atuluka. Wamkulu wake ndi 0174. Chilembo chomwechi chilinso m'chinenero cha ku Wales, ndipo Tesseract ili nacho chinenero chimenecho, moti pa buku lodzaza ndi ŵ ndi bwino kuyesa kuchiphatikiza ndi chinacho.

Achitatu ndi manambala, ndipo awa ndiye oopsa. Mataipilaita ambiri akale analibe batani la nambala 1. Otaipa ankagwiritsa l wamng'ono, ndipo ena ankaika O wamkulu m'malo mwa 0. Ndiye pamene maso anu akuwerenga K100, papepala palembedwa K, l, O, O, ndipo pulogalamu ikhoza kukupatsani KlOO mokhulupirika. Onjezani 5 wosanduka S, 8 wosanduka B kapena 3, ndi rn wogundana n'kukhala m. M'malamulo a bungwe manambala ndiwo ndalama zolowera, chindapusa, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano uchitike, zaka za udindo. Nambala iliyonse muione ndi maso papepala, ngakhale ikuoneka yabwino.

Ndipo pali cholakwika chimene sichioneka n'komwe. M'Chichewa chilembo chimodzi chimatembenuza chiganizo chonse. Taganizani ndime yoti membala wodwala sadzalipira chindapusa. Liwu loti sadzalipira likhale kumayambiriro kwa mzere, pomwe fotokope inadula m'mphepete, s n'kutayika. Chotsala ndi adzalipira, liwu labwinobwino la Chichewa, ndipo lamulo latembenuka. Chimodzimodzi asachotsedwe, s akawerengedwa ngati z, munthu wowerenga mothamanga amva adzachotsedwe. Palibe pulogalamu imene idzakuimbireni belu pamenepo.

Word nayo siikuthandizani pa zimenezi. Idzaika mizere yofiira pansi pa pafupifupi liwu lililonse chifukwa ikuyesa Chingerezi cholakwika, ndipo nthawi zina idzafuna kukukonzerani mawu pamene mukutaipa. Itsekeni pakamwa: sankhani zonse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, n'kuchonga pamene alemba kuti Do not check spelling or grammar.

Za mapulogalamu ogula, popeza ndilo linali funso lanu. ABBYY FineReader ndi Adobe Acrobat Pro ndi amene amadziwika kwambiri, ndipo ndi abwinodi, makamaka posunga maonekedwe a tsamba ndi matebulo ochokera pa sikana. Ofesi imene imasintha mapepala mazanamazana mwezi uliwonse ili ndi chifukwa chowalipirira. Koma amalipiridwa ndi khadi la banki, m'ndalama zakunja, mobwerezabwereza, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kwathu kuno. Pa fotokope yotuwa ya Chichewa, kusiyana kwawo ndi aulere aja sikungafike poti musawerengenso. Ngati mukufuna kudzionera nokha, amakhala ndi masiku oyeserera, koma ngati akufunsani khadi lembani penapake tsiku lothetsa, apo ayi mudzadabwa ndalama zitadulidwa.

Masiku ano wina akuuzani kuti ingojambulani mupatse ChatGPT kapena Gemini. Amawerengadi zithunzi, ndipo nthawi zambiri zotuluka zimaoneka zosalala kuposa za OCR wamba. Kusalalako ndiko kumandidetsa nkhawa pa chikalata ngati chanu. OCR wamba ikalephera imatulutsa zonyansa, ndipo inu mumadziwa pomwepo kuti apa pali vuto. Mapulogalamu atsopanowa akalephera kuwerenga amatha kuikapo liwu loyenerera bwino m'chiganizo, kapena kulumpha mzere, kapena kukukonzerani kalembedwe ka makolo kukhala ka lero musanawapemphe. Pa nkhani ya m'nyuzipepala imene mukungofuna kudziwa zomwe ikunena, gwiritsani. Pa malamulo, ngati mwawagwiritsa ntchito, apatseni tsamba limodzi panthawi, muwauze kuti asasinthe kanthu ndipo aike chizindikiro pamene sakuwerenga bwino, kenako muwerengebe zonse.

Musaiwale zimene zili m'mafayilomo. Malamulo a bungwe si chinsinsi. Koma kaundula wa mamembala, wokhala ndi mayina, manambala a chiphaso cha unzika, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndi nkhani ina. Mukaika fayilo pa tsamba losinthira, mwaitumiza pa kompyuta ya eni tsambalo, kudziko lina. Ambiri amalonjeza kuti amafufuta pakapita maola ochepa, koma inu mulibe njira yotsimikizira. Malawi tsopano ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa, la 2024, ndipo ngakhale popanda lamulolo, anthuwo anakupatsani inu mayina awo, osati mlendo. Zoterezi zichitikire pa laputopu yanu, ndi Word kapena NAPS2. PDF ikakhala yokhomedwa ndi pasiwedi, pemphani mwini wake. Ndipo chikalata chosainidwa ndi kudindidwa ndi ofesi ina, monga risiti kapena satifiketi, kuchisintha mawu ndi mlandu wachinyengo ngakhale pulogalamu ikulola.

Zolemba pamanja m'mphepete, zidindo ndi masiginecha musayembekezerepo kanthu. Pali mapulogalamu ngati Transkribus amene osunga mbiri yakale amawaphunzitsa kuwerenga dzanja la munthu mmodzi, koma kwa mizere khumi yolembedwa ndi tcheyamani wakale, kutaipa n'kwachangu.

Kutaipa komweko musakunyoze ngakhale pa chikalata chonse. Tiwerengere limodzi. Tsamba limodzi likhale ndi zilembo 2,000. Pulogalamu yolondola pa zilembo 99 mwa 100 zilizonse, imene pomva imaoneka ngati yangwiro, ikusiyirani zolakwika 20 patsamba, ndiye 920 pa masamba 46. Ikatsikira pa 95, zimene sizachilendo pa pepala lofooka, ndi zolakwika 100 patsamba, ndipo kuzisakasaka kumatenga nthawi kuposa kulemba mwatsopano. Mbali inayi, tiyerekeze kuti tsamba lili ndi mawu 300. Onse pamodzi ndi 13,800. Munthu wotaipa mawu 30 pa mphindi amaliza m'maola osakwana asanu ndi atatu, tinene masiku awiri kapena atatu akamapumula. Ndiye musanasankhe, tengani masamba atatu, looneka bwino kwambiri, lapakatikati, ndi loipitsitsa. Adutsitseni mu OCR, muwakonze mukuyang'ana wotchi. Kenako taipani limodzi mwa iwo kuyambira pachiyambi, muyerekeze. Mwina mupeza kuti masamba 30 apite ku pulogalamu, 16 otsalawo ku zala zanu.

Mawu onse akalowa mu Word, pezani munthu wachiwiri. Mmodzi agwire pepala loyamba aziwerenga mokweza, wina azitsatira pa laputopu. Wowerenga pepala azitchula manambala chimodzichimodzi ndi kunena pamene pali nkhodolero kapena mpatuliro. Mukawerenga nokha, maso amaona chimene mutu ukuyembekezera, makamaka pa malamulo amene mwawamva kambirimbiri. Musapitirire masamba khumi pa kukhala kumodzi. Yang'aniraninso manambala a ndime. Word imakonda kudziikira manambala yokha, ndipo ikadumpha imodzi, paliponse pamene malamulo akunena kuti onani ndime 14 padzakhala pakuloza kolakwika. Pa chikalata chakale ngati ichi ndi bwino manambalawo kuwataipa pamanja.

Musayambe kusintha ndime zatsopano zija pa fayilo yomweyo. Ikafanana ndendende ndi pepala, isungeni ndi dzina losonyeza kuti ndi malamulo akale, ndipo musaikhudzenso. Pangani kope yachiwiri, yatsani Track Changes pansi pa Review, ndiyeno lowetsani zimene msonkhano unagwirizana. Chilichonse chochotsedwa ndi choonjezedwa chidzaoneka ndi mtundu wake, ndipo mukhoza kusindikiza chomwecho n'kupita nacho ku komiti, kuti pasadzapezeke wonena kuti mlembi analowetsamo zake. Komiti ikavomereza, dinani Accept All, musindikize, asaine. Pa fulashi ndi pa imelo ya bungwe musungepo zinthu zinayi: zithunzi za pepala loyamba, Word ya malamulo akale, Word ya atsopano, ndi PDF ya atsopano osainidwa. Tcheyamani ndi msungichuma nawonso akhale ndi kope yawo ya fayilo ya Word, osati PDF yokha.